Kutola nyanga zogwa zokha ndi nyama imene yazitaya

M'tauni ya Jackson, m'chigawo cha Wyoming ku America, muli bwalo limene m'ngodya zake zonse zinayi muli zipata zomangidwa ndi nyanga zokhazokha. Chipata chimodzi chili ndi nyanga pafupifupi 2,000 zokolanakolana, ndipo choyamba chinaimikidwa mu 1953. Munthu amene anazolowera nyanga za ng'ombe, za mbuzi kapena za mbawala akaona chithunzi cha zipatazi amagwira pakamwa, n'kuyamba kuwerengera mumtima kuti kodi zinaphedwa nyama zingati. Komatu nyangazo n'zotola. Eni ake anazitaya okha m'tchire n'kupitiriza ulendo ali moyo, ndipo chaka chomwecho anameranso zina.

Kutola nyanga zoterezi ndi ntchito yakalekale. Masiku ano anthu ambirimbiri ku North America ndi ku Ulaya amaichita chaka ndi chaka, ena pofuna ndalama, ena chifukwa chongokonda kuyenda m'nkhalango. Ukangoimva koyamba imaoneka yopanda tchimo: palibe mfuti, palibe msampha, palibe magazi. Inenso ndinkaiona choncho, mpaka pamene ndinamvetsa nthawi imene nyangazi zimagwa ndi mmene nyamayo imakhalira pa nthawi imeneyo. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani, koma kuti imveke tiyambe ndi nyangayo.

Dzina la nyamazi limavutirapo m'Chichewa. Mabuku ena amati agwape, ena nswala, ena mbawala, koma nyama zimene mayina amenewa amatchula kwenikweni ndi za banja limodzi ndi ng'ombe ndi mbuzi. Zimene tikukamba panozi ndi za banja lina, limene Angerezi amalitcha deer. Mu Africa monse mtundu wa banjali wobadwira momwemo ndi umodzi wokha, wokhala m'nkhalango za kumapiri a Atlas kumpoto. Pano ndizingoti agwape, koma dziwani kuti ndikunena aja a nyanga zanthambi: elk ndi moose amene ndi akuluakulu, gwape wofiira wa ku Ulaya, reindeer wa kumadera ozizira kwambiri, ndi ang'onoang'ono monga roe, mule deer ndi gwape wa mchira woyera.

Nyanga ya ng'ombe kapena ya mbawala ili ndi zigawo ziwiri. M'kati muli fupa lamoyo lochokera ku chigaza, kunja kuli chikuto cholimba chopangidwa ndi zomwe zimapanganso zikhadabo ndi ziboda. Imamera kamodzi, imakula pang'onopang'ono moyo wonse, ndipo ikathyoka yathyoka. N'chifukwa chake mukapeza nyanga ya mbawala pansi mumadziwa kuti mwini wake anafa. Ya gwape ndi fupa lokhalokha lopanda chikuto, ili ndi nthambi ngati mtengo, ndipo imagwa n'kumeranso chaka chilichonse. Amphongo okha ndi amene amamera nyanga, kupatula reindeer, amene yaikazi yomwe imamera.

Pachipumi pa gwape wamphongo pali tizitsa tiwiri ta fupa timene sitichoka moyo wake wonse. Nyanga yakale ikangogwa, pamwamba pa kachitsa pamatsala bala lofiira, limene limachita nkhanambo n'kupola. Pansi pa nkhanamboyo ntchito imakhala yayamba kale. Pamatuluka chotupa chofewa chokutidwa ndi khungu la ubweya waufupi, losalala ngati nsalu ya veleveti, ndipo khunguli ladzaza ndi mitsempha ya magazi ndi minyewa yomva kukhudza. Nyanga ikakhala pa msinkhu umenewu imakhala yofunda, imamva kupweteka, ndipo ikakalika imatuluka magazi. Gwape amayenda mosamala m'zitsamba, akupendeketsa mutu kuti asaigunditse. Imakulira kunsonga, poyamba ngati fupa lanthete, kenako n'kumalimba kuchokera kutsinde. Liwiro lake n'lodabwitsa: pa elk wamkulu imatha kutalika masentimita awiri ndi theka tsiku limodzi. M'miyezi inayi kapena isanu yokha, moose wamkulu amakhala atamanga pamutu pake nyanga zotambalala mamita pafupifupi awiri, zolemera makilogalamu oposa 20. Pakati pa nyama zonse zoyamwitsa, palibenso ina imene imataya chiwalo chathunthu cha fupa, khungu ndi mitsempha n'kuchimeretsanso chaka ndi chaka. N'chifukwa chake ofufuza za mafupa ndi kupola kwa mabala amachita nazo chidwi chachikulu nyangazi.

Fupa lambiri chonchi silichokera ku msipu wokha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanga youma ndi kashiamu, ndipo gawo limodzi mwa khumi ndi fosiforasi. Msipu sungapereke mchere wonsewu pa liwiro limene ukufunika, choncho thupi limabwereka ku mafupa ake omwe, makamaka nthiti. Mafupawo amafooka kwa kanthawi, n'kudzabwezeredwa nyanga zikatha kukula. Mukanyamula nyanga yotola m'manja, dziwani kuti mbali ina ya kulemera kwake inachoka m'nthiti za mwini wake.

Chimene chimalamulira zonsezi ndi kutalika kwa usana. Kumayiko akutali ndi pakati pa dziko, usana umatalika kwambiri m'nyengo yotentha n'kufupika m'nyengo yozizira, ndipo thupi la gwape limawerenga kusinthako kudzera m'maso ndi kachiwalo kena ka mu ubongo. Usana ukayamba kufupika chakumapeto kwa nyengo yotentha, mahomoni a umphongo otchedwa testosterone amakwera. Nyanga imalimba kotheratu, magazi amaleka kufikako, khungu lija limafa n'kuyamba kulendewera ngati sanza. Gwape amalikhula pa timitengo mpaka lonse litachoka. Mtundu wa bulauni wa nyanga yatsopano umachokera pa kukhulako: magazi ouma, utomoni ndi makungwa. Fupa lenilenilo n'loyera. Kuyambira pamenepo nyanga ndi fupa lakufa lomatirira pa fupa lamoyo, ndipo ntchito yake imayamba: kuopseza amphongo anzake, kukankhana nawo pa nyengo yokwerana, ndi kuonetsa zazikazi mphamvu za mwini wake.

Wasayansi wina wa ku Brown University ku America, Richard Goss, anatsimikizira zoti ndi kuwala kumene kumalamula. Anasunga agwape a mtundu wa sika m'nyumba zounikira ndi magetsi, n'kumafulumizitsa kutalika ndi kufupika kwa usana, ndipo agwapewo anamera ndi kutaya nyanga kangapo m'chaka chimodzi. Umboni wina uli ku New Zealand, kumene agwape ofiira anatengedwa kuchokera ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Atafika kumeneko kalendala yawo inatembenuka ndi miyezi isanu ndi umodzi, moti amataya nyanga cha mu Ogasiti ndi Sepitembala. Agwape a kumadera otentha, monga chital wa ku India, alibe nyengo imodzi yotayira. M'gulu limodzi mumatha kupezeka wina ali ndi nyanga zouma, wina zaveleveti, wina alibiretu.

Nyengo yokwerana ikatha, mahomoni aja amatsika. Pamalire a kachitsa ndi nyanga, timaselo tina timene ntchito yake ndi kudya fupa timayamba kukumba kamzere kopyapyala mozungulira. Kwa masabata angapo palibe chooneka, nyanga imakhala yolimba moti mungakoke nayo nyama yonse. Kenako m'masiku ochepa imakhwepa, ndipo kugwedeza mutu kamodzi kapena kulumpha mpanda kumakwanira kuigwetsa. Nyanga yogwa yokha imadziwika ndi tsinde lake: lozungulira, lotukukira kunja pang'ono, lokhakhala ngati mwala wa mchenga. Yodulidwa ndi sowo imakhala yosalala, ndipo yothyoledwa pa nyama yakufa imabwera ndi zibenthu za chigaza. Oyang'anira nyama zakutchire amayang'ana pamenepa akafuna kudziwa ngati munthu akunena zoona.

Nthawi yogwa imasiyana ndi mtundu. Kumpoto kwa dziko lapansi moose amataya cha mu Disembala ndi Januwale. Gwape wa mchira woyera ndi mule deer amataya pakati pa Januwale ndi Malichi. Elk ndi gwape wofiira amachedwa, mpaka Malichi ndi Epulo, ndipo amphongo okalamba ndi amene amayamba. Roe amasiyana ndi anzake, iye amataya cha mu Novembala n'kumeretsa zatsopano m'kati mwa chisanu. Reindeer wamphongo amataya nyengo yozizira ikungoyamba, pamene yaikazi yokhala ndi bere imasunga nyanga zake mpaka itaswa, ndipo imazigwiritsa ntchito kuteteza dzenje limene yakumba m'chipale chofewa pofuna chakudya.

Taonani miyezi imeneyi bwino. Januwale mpaka Epulo ndi miyezi ya njala kwa nyamazi.

Gwape wamphongo amalowa m'nyengo yozizira ali wotha kale. Pa nthawi yokwerana sadya kwenikweni. Amangobangula, kumenyana ndi kuthamangitsa zazikazi usana ndi usiku, ndipo amatha kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Asanabwezeretse thupi, chipale chofewa chimakwirira msipu. Zimene zimatsala ndi timasamba touma, nsonga za zitsamba ndi makungwa, zakudya zimene sizikwanira ngakhale kusunga thupi pomwe lili. Nyamazi zimatsika m'mapiri n'kusonkhana m'zigwa ndi m'mitsetse yochepa imene chipale sichizama kwambiri. Kumeneko zimakhala moyo wa kuumira: kuyenda pang'ono, kugona nthawi yaitali padzuwa, kudya mafuta a m'thupi pang'onopang'ono ngati nkhokwe imene iyenera kufika pa kukolola. Zazikazi zimakhala zili ndi bere, zidzaswa cha mu Meyi kapena Juni. Ana obadwa chaka chathachi ndi amene ali ndi mafuta ochepa kuposa onse, ndipo ndi amene amayamba kufa. Pofika mu Malichi ndi Epulo nkhokwe ija imakhala itatsala pansi penipeni, msipu watsopano usanaphuke.

Ndiye malo amene nyanga zimagwa zambiri ndi omwewo amene nyama zofookazi zasonkhana, ndipo nthawi yake ndi yomweyo. Wotola nyanga akalowa m'chigwa chotere mu Febuluwale kapena Malichi, ngakhale akhale munthu wofatsa woyenda yekha mwakachetechete, gulu lonse limadzuka n'kuthawa. Kuthamanga m'chipale chofika m'mawondo kumadya mphamvu zambiri kuposa kuyenda pouma. Nthawi zina nyamazo zimasiyiratu mtsetse wabwino n'kupita kumalo opanda chakudya. Munthuyo amabwerera kwawo ndi nyanga ziwiri, mtima uli mbee, osadziwa kuti wadyetsa nkhokwe ya masiku angapo. Mawa kumabwera wina, mkuja wina. Nyama siigwa pamaso pa aliyense wa iwo. Imakafera kuseri kwa phiri patatha masabata atatu, kapena imaswa mwana wofooka amene sakhalitsa, ndipo palibe amene amadziona kuti anachitapo kanthu. Ichi ndi chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa wowononga sakhala munthu woipa ayi.

Oipawo aliponso. Pali ena amene amathamangitsa amphongo ndi njinga zamoto, ndi timagalimoto toyenda pa chipale, kapena ndi agalu, kuti nyanga zokhwepa zigwe polumpha mipanda ndi makwawa. Pali ena amene amathira chakudya pansi pa mawaya kapena zingwe kuti nyanga ikodwe. Nyanga imene nthawi yake sinakwane ikazulidwa mokakamiza imatha kuchoka ndi mbali ya kachitsa, ndipo nyamayo imamera nyanga yopunduka mbali imeneyo zaka zotsatira, kapena balalo limalowa matenda ofika mpaka ku ubongo.

Chimene chinachulukitsa anthu m'zigwazi ndi msika. Nyanga zimagulitsidwa pa sikelo, ndipo ogula ku America amazigawa patatu. Zapamwamba ndi za bulauni, zogwa chaka chomwecho. Zachiwiri ndi zoyera koma zolimba, zimene zagona kunja chaka chimodzi kapena kuposerapo. Zotsika ndi zimene zayamba kung'aluka ndi kufumbutuka ngati choko. Nyanga zabwino za elk zakhala zikugulidwa madola oposa khumi pa paundi (kulemera kwa pafupifupi theka la kilogalamu), ndipo nyanga imodzi ya elk wamkulu imalemera mapaundi angapo, choncho chikwama chodzaza ndi ndalama yooneka. Ziwiri zofanana za nyama imodzi, zikakhala zazikulu, zimagulidwa pazokha pa mtengo wokwera zedi. Amisiri amapanga nazo zogwirira za mipeni, mabatani, mipando ndi nyale zolendewera kudenga. Zina zimapita ku Asia kukapangira mankhwala achikhalidwe, ngakhale kuti kumeneko yofunika kwambiri ndi nyanga yaveleveti, yodulidwa pa agwape oweta, imene dziko la New Zealand limagulitsa yambiri ku China ndi ku South Korea. M'zaka zaposachedwa msika waukulu ndi wa zidutswa zoti agalu azitafuna, ngakhale madokotala a ziweto amachenjeza kuti fupali n'lolimba moti limathyola mano a galu.

Kufunika kwa nyangazi sikunayambe ndi madola. Ku Grimes Graves, m'dera la Norfolk ku England, kuli maenje oposa 400 amene anthu anakumba zaka zoposa 4,000 zapitazo pofuna mwala wolimba wosulira nkhwangwa. Chokumbira chawo chinali nyanga ya gwape wofiira: ankachotsa nthambi zina n'kusiya imodzi ya kutsinde, n'kukhala ngati piki. Zambiri mwa nyanga zopezeka m'maenjewo n'zogwa zokha, kusonyeza kuti anthuwo ankadziwa nyengo ndi malo otolera. Ngalande yozungulira Stonehenge, bwalo lakale la miyala ikuluikulu ku England komweko, inakumbidwanso ndi nyanga cha m'ma 3000 Yesu asanabadwe, ndipo nyanga zosiyidwa pansi pake ndi zimene zinathandiza kudziwa zaka za malowo. Ku Ribe, m'dziko la Denmark, amisiri a m'zaka za m'ma 700 ankasema zipeso za tsitsi ndi nyanga, zina za reindeer wochokera kutsidya la nyanja ku Norway. Ankaikonda chifukwa siithyoka msanga ngati fupa wamba. Inapangidwira kulandira nkhonya za mphongo inzake.

Nanga otola amazipeza bwanji? Luso lake ndi kudziwa kumene nyama inathera nthawi yake yambiri m'masabata ogwetsa nyanga, ndipo malo ake ndi atatu: kodyera, kogona, ndi njira zolumikiza malo awiriwa. Kodyera kungakhale m'munda wokololedwa kapena pamtsetse wa zitsamba. Kogona kumakhala kobisika ku mphepo, kawirikawiri pamtsetse woyang'ana kummwera, umene kumayiko akumpoto ndi umene umalandira dzuwa ndi kusungunuka chipale msanga. M'njira, otola odziwa amafatsa pamalo pamene nyama imalumpha: pampanda wa waya, pakhwawa, pamtengo wogwa, chifukwa kutera pansi mwamphamvu ndi kumene kumagwetsa nyanga yokhwepa. Zitosi zambiri, udzu woponderezeka ndi nsonga za zitsamba zodyedwa zimauza munthu kuti wafika.

Kuona nyanga n'kovuta kuposa mmene mungaganizire. Ili ndi mtundu wa masamba ouma ndi maonekedwe a nthambi, ndipo yagona pakati pa masamba ouma ndi nthambi. Amene akuyamba kumene amafunafuna nyanga yathunthu, n'kumaidutsa pafupi osaiona. Akatswiri amafuna kachigawo chabe: nsonga imodzi yosalala yotulukira mu udzu, kupindika kumene mtengo supindika, kuyera kozungulira kwa tsinde. Amayenda pang'onopang'ono, amaima, amacheuka kuona malo omwe adutsa kale chifukwa kuwala kumagwa mosiyana ukayang'ana kumbuyo. Amakonda tsiku la mitambo kapena mvula itangokata, pamene kulibe mithunzi yosokoneza maso ndipo nyanga yonyowa imanyezimira. Kumalo otseguka amakhala pachitunda ndi magalasi oonera patali kwa maola. Ena amaphunzitsa agalu, makamaka a mtundu wa Labrador, kununkhiza ndi kubweretsa nyanga. Akapeza imodzi amazungulira malowo kufuna inzake, chifukwa mutu ukalemera mbali imodzi nyama imaugwedeza kuti inayo ichokenso. Nthawi zina ziwirizo zimagona moyandikana, nthawi zina inzake imakagwa patatha masiku, kutali.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandikopa pa anthuwa, ndipo sindifuna kuchibisa chifukwa chodandaula za zinazo. Mphongo iliyonse imamera nyanga za kapangidwe kakekake, kobwerezabwereza chaka ndi chaka, kungoti zimakula ndi kunenepa mpaka itafika pachimake, kenako n'kuyamba kubwerera ikakalamba. Munthu amene watola nyanga za mphongo imodzi zaka zinayi zotsatizana amakhala ndi mbiri ya moyo wa nyamayo pashelefu, ndipo nyanga yatsopano iliyonse imamuuza kuti mnzakeyo wapulumuka chisanu china. Kuchuluka kwa nthambi sikutchula zaka, monga ambiri amaganizira. Kumadalira msinkhu, chakudya ndi mtundu wa makolo. Pachilumba cha Rum ku Scotland, kumene ofufuza akhala akutsatira gwape wofiira mmodzimmodzi kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, nyanga zogwa zimatoledwa, kuyezedwa kulemera ndi kulembedwa pa dzina la mwini wake, ndipo zathandiza kudziwa mmene kukula kwa nyanga kumagwirizanirana ndi kuchuluka kwa ana amene mphongo imabereka.

Nyanga yosatoledwa siwonongeka chabe. Mbewa, agologolo ndi anungu amaitafuna pofuna mchere ndi ponola mano, moti m'nkhalango zina nyanga ikagona miyezi ingapo imapezeka yatha nsonga zonse. Kumalo a dothi losauka, monga kumapiri a ku Scotland, agwape eni ake amatafuna nyanga zogwa, makamaka zazikazi zoyamwitsa. M'maganizo mwanga vuto ili n'laling'ono poyerekeza ndi kuthamangitsa nyama zanjala, koma n'lokwanira kutsutsa mawu oti nyanga yogwa ndi chinthu chotayidwa chopanda mwini.

Malamulo anabwera potsatira mavutowa, ndipo mayiko anatenga njira zosiyana. Kumadzulo kwa America anasankha kutseka nyengo. Chigawo cha Wyoming, kuyambira mu 2009, chimaletsa kutola nyanga pamalo a boma a kumadzulo kwa chigawocho kuyambira pa 1 Januwale mpaka kumapeto kwa Epulo, ndipo kuyambira mu 2024 anthu ochokera kunja kwa chigawocho amadikiranso sabata imodzi eni dera atayamba. Colorado inaika lamulo lofanana mu 2018 pamalo a boma a kumadzulo kwa msewu waukulu wa I-25. Utah imafuna kuti wotola m'miyezi yovutayi ayambe wachita maphunziro aulere a pa intaneti ndipo aziyenda ndi chikalata chake. M'nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023, imene inali yoopsa kwambiri, Utah inatsekeratu kutola kuyambira mu Febuluwale mpaka kumapeto kwa Epulo. Chaka chimenecho, m'mapiri a Wyoming Range, pafupifupi ana onse a mule deer amene ofufuza anawaveka makolala owatsatira anafa. M'malo osungira zachilengedwe monga Yellowstone, kutenga nyanga n'koletsedwa nthawi zonse.

Kulondera malamulowa n'kovuta, chifukwa malo ndi aakulu ndipo alonda ndi ochepa. Chinyengo chodziwika ndi cholowa nyengo isanatsegulidwe, kusonkhanitsa nyanga n'kuzibisa m'zitsamba, kuti tsiku lotsegulira munthu adzatuluke nazo ngati wangozitola. N'chifukwa chake lamulo la ku Wyoming limawerenga kufunafuna ndi kuunjika ngati kutola komwe, ndipo alonda nthawi zina amaika nyanga zokhala ndi kachida kolondolera kuti agwire akuba.

Ku Germany anayambira pa funso lina: kodi nyangayo ndi ya yani? Lamulo lawo la ulenje limati nyanga zogwa ndi za munthu amene ali ndi ufulu wosaka m'dera limenelo, chimodzimodzi nyama yomwe. Woyenda m'nkhalango akatola nyanga n'kupita nayo kwawo popanda chilolezo amakhala wapalamula mlandu wofanana ndi kupha nyama mozemba, umene chilango chake chimatha kukhala chindapusa kapena ndende mpaka zaka zitatu. Ku India, lamulo loteteza nyama zakutchire la 1972 limaletsa kutola ndi kugulitsa nyanga ngakhale zogwa zokha. Chifukwa chake n'chomveka: msika wa nyanga ukakhala wotseguka, nyanga za nyama zophedwa zimalowa momwemo, ndipo zikadulidwa tizidutswa palibenso angasiyanitse. N'chifukwa chakenso m'zigawo zambiri za ku America munthu akapeza chigaza chokhala ndi nyanga zake zonse sayenera kungochinyamula, ayenera kuyamba wadziwitsa alonda. Pali ndi nkhani ya matenda: nthenda yowondetsa agwape ndi kuwononga ubongo wawo, imene inaonedwa koyamba ku Colorado mu 1967, imafalikiranso ndi mitembo, ndipo kusamutsa chigaza kungaitengere kudera kumene kunalibe.

Pa njira zonsezi, ine ndimaona kuti yotseka nyengo ndi imene yagunda pa vuto lenileni. Nyanga ndi fupa. Ikagwa mu Malichi, mu Meyi idzapezeka pomwepo, mwina itayererako mbali ya kudzuwa ndi kulumidwako ndi mbewa. Wotola akadikira amataya pang'ono pa mtengo wake. Chimene chimavuta ndi mantha akuti mnzako akuyambirira, ndipo mantha amenewa munthu mmodzi sangawathetse ndi ulemu wake. Amatha pokhapokha tsiku likakhala limodzi kwa onse. Kumene kulibe lamulo, monga m'minda ya anthu kuzigawo za pakati pa America, alimi ena amakondwa nazo zoti nyanga zichotsedwe chifukwa zimaboola matayala a mathirakitala, komabe mwini munda ayenera kupemphedwa, ndipo wotola wanzeru amayamba waonera patali kuti amphongo ambiri ataya kale, chipale chasungunuka, ndipo msipu wayamba kuphuka.

Tibwerere ku Jackson. Kumpoto kwa tauniyi kuli National Elk Refuge, malo amene boma linapatula mu 1912 pambuyo pa nyengo zozizira zimene zinapha ma elk ambirimbiri ndi njala. Ma elk masauzande angapo amathera chisanu pamenepa, ndipo anthu wamba saloledwa kutolapo nyanga. Nyama zikayamba kuchoka, antchito a pamalopo pamodzi ndi ana a gulu la Scouts ndi amene amalowa kukatola. Kuyambira mu 1968 nyangazo zimagulitsidwa pa okushoni mu Meyi, pabwalo la zipata zinayi lija, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limabwerera kukasamalira malo odyera ma elk omwewo.

Anthu ena okhala m'chigawo cha Wyoming amadikira pa 1 Meyi. Usiku wa pa 30 Epulo magalimoto amakhala atandandalika, ena atakoka ngolo za mahatchi, kudikira 6 koloko m'mawa kuti adutse msewu wa m'malo osungirawo n'kulowa m'nkhalango ya Bridger-Teton. Akamafika m'mitsetse imene nyama zinagona m'miyezi ya njala, amapeza zitosi zouma, ubweya wothothoka ndi nyanga zili mbwee mu udzu wongophuka kumene. Ma elk ambiri amakhala atayamba kale kukwera kumapiri kutsatira msipu, ndipo pamitu ya amphongo aakulu aja amene anataya mu Malichi pamakhala patatuluka kale nthambi zoyamba za nyanga zatsopano, zofunda, zokutidwa ndi veleveti.